Pulinta ya Malemu Bambo

Nkhani iyi si yakumowa ayi. Alipo anthu atatu amene anaiona ndipo onse ali moyo: mlongo wake wa mwini nkhaniyu, amene ndi namwino ndipo sakhulupirira zinthu chisawawa, mkazi wake, komanso aneba a kuseri kwa mpanda, mphunzitsi wopuma pantchito. Mukawafunsa padera padera, amanena chimodzimodzi.

Mwini nkhaniyu anali wokonza mawayilesi ndi ma TV, ndipo anthu ankangomuti Injiniya, ngakhale kuti sukulu ya uinjiniya ankangoidutsa panja. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Mkazi wake, telala wa pamsika, ankati ntchentche ikamutera pamphuno amayamba waipepesa asanaiingitse.

Matenda ake anali amodzi okha: pulinta yakale ya malemu bambo ake. Pulinta zamasiku ano ankazinyoza, ati zimangolavula pepala mwakachetechete ngati zikuba. Ya bambo ake inali ina. Inali ndi timasingano tomwe tinkamenya riboni ya mitundu inayi, wakuda, wofiira, wabuluu ndi wachikasu, ndipo chithunzi chinkatuluka kadontho kadontho, mutu wa makinawo ukubwerezabwereza mzere umodzi posintha mtundu. Inkakuwa moti anthu awiri oyandikana sakanamvana.

Ali wamng'ono, madzulo ena bambo ake ankamuimika patsogolo pa pulintayo pabalaza, n'kuyambitsa chithunzi cha mbalame yamawangamawanga.

"Gwira pepalali ndi manja awiri lisapindike," ankatero. "Usacheuke mpaka chithe."

Akatero ankalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Chithunzi chimodzi chinkatenga nthawi yaitali, koma mwanayo sankatopa. Kwa iye ubwana wonse wokoma unali pamenepo: fungo la inki yotentha, pepala likunjenjemera m'zala, mbalame ikubadwa kuyambira kumutu. Atakula, akayamba kuikamba pulintayo maso ankachita kulengeza misozi.

Bambowo anamwalira iye asanakwatire, mayi ake n'kutsatira patapita zaka. Tsiku lomwe ankalongedza katundu wa m'nyumba ya makolowo, anaipeza pulintayo m'katoni pansi pa bedi, itakulungidwa m'bulangete. Anaikumbatira ngati wapeza m'bale wotayika. Mlongo wake, amene anali wamkulu kwa iye, atangoiona nkhope inagwa.

"Achimwene, chinthu icho mukachitaye."

"Bwanji, achemwali?"

"Ndati mukachitaye."

Sanafotokoze. Banja limenelo linali losazolowera kufotokoza zinthu.

Injiniya anainyamula. Timasingano anatitsuka ndi sipiliti kamodzikamodzi, riboni youma anaidonthezera inki ndi jakisoni, mtundu uliwonse pamzere wake, n'kusakasaka kompyuta yakale ndi mapepala olumikizana aja a mabowo m'mbali. Pulinta inadzuka. Mbalame inatuluka, mitundu yake yonse ili mbee. Koma mwamuna uja m'malo mosangalala anakwinya nkhope.

"Si mmene inkalirira," anauza mkazi wake.

Kukuwa kunalipo, inde. Koma iye ankakumbukira kuti pansi pa kukuwako pankamveka kugunda kolemera, di, di, ndipo kumapeto kwa mzere kunkabwera kakulira kowonda ngati ka mwana wa mphaka. Zimenezo zinalibe. Monga munthu wa makina, anaganiza kuti timasingano sitikumenya mwamphamvu. Pambali pa pulintayo panali kachitsulo kosendezera mutu kufupi ndi pepala, ndipo tsiku lililonse ankakakankha pang'ono, khutu atalitchera.

"Anzanu amavutika kuti makina asiye phokoso," anatero mkazi wake akuseka. "Inu mukuvutika kuti aonjeze. Ndinakwatiwa ndi munthu wanji kodi?"

Loweruka lina dzuwa litangolowa, mkaziyo ali kuchipinda kupinda zovala, Injiniya anakankha kachitsulo kaja mpaka kumapeto n'kuyambitsa chithunzi. Agalu a aneba amene ankauwa anangoti zii. Pabalaza panamveka fungo la fodya ndi mafuta a tsitsi, chonsecho m'nyumbamo munalibe wosuta. Kenaka, pansi pa kukuwa kwa makina, di.

Anamwetulira. Yabwera.

Pepala linakodwa, pulinta n'kuima. Mkazi wake anatuluka kuchipinda atagwira phewa, akuti china chake chamukankhira pa wadirobu. Anagwirizana kuti mwina chinali chizungulire. Kutacha, mkono wonse unali utadera, ndipo pamwamba pake pankaoneka malo a zala.

Mlongo wake ndi amene anauona mkonowo kuchipatala. Madzulo omwewo anafika kunyumbako asanavule ndi yunifolomu yomwe.

"Mwayamba kumenya mkazi?"

"Ine? Achemwali, mukundidziwa."

"Ndiye munayatsa chinthu chija."

Injiniya anafotokoza zonse, ndipo pofika pa phokoso lija anachita kunyadira kuti walibweza. Namwino uja anamuyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera.

"Phokoso limenelo silinali la makina," anatero motsitsa mawu. "Anali amayi. Bambo ankayatsa pulinta kuti aneba asamve. Inu ankakuimikani pamenepo, ine ndinkabisala kubafa."

Munthu wofatsa akakwiya amachita zopusa kuposa wolusa. Injiniya anaona ngati mlongo wake wamulanda chinthu chokhacho chabwino chomwe bambo ake anamusiyira. Anakuwa, koyamba m'moyo wake, kuti akunamizira munthu wakufa. Anati makina ndi makina, phokoso limachokera mumutu wa pulinta, ndipo awaonetsa pompano kuti amve ndi makutu awo.

"Musayatse," anatero mlongo wake.

Mkazi wake, posafuna kulowerera mkangano wa pachibale, anati, "Alamu, kwazizira, ndikakutengereni juzi," n'kulowa kuchipinda. Mwamuna wake sanamuone n'komwe. Chala chinali kale pabatani.

Pulinta inakuwa. Chitseko cha kuchipinda chinadzitseka chokha, pang'onopang'ono, monga amatsekera munthu amene sali pachangu.

Fungo la fodya linadzaza pabalaza.

Di.

Mkaziyo anafuula. Galasi linasweka. Kunamveka thupi likumenyetsedwa kukhoma, mpaka chithunzi cha ukwati chomwe chinali mbali ya pabalaza chinagwa pansi. Namwino anathamangira kuchitseko n'kuchikankha ndi phewa. Chitseko chimenecho chinalibe loko, aliyense amene analowapo m'nyumbamo angakuuzeni. Sichinasunthe.

"Zimitsani! Achimwene, zimitsani!"

Injiniya anali ataima patsogolo pa pulinta, manja onse awiri atagwira pepala. Ankamva zonse. Ankamva mkazi wake akumuitana. Ankafuna kuthamanga, koma khosi linakana kutembenuka ndipo zala zinakana kutambasuka. Misozi inkangoyenderera, maso ali pa mbalame yomwe inali itafika m'mapiko.

Mlongo wake anazula pulagi pakhoma. Kompyuta inazima. Pulinta sinaime.

Di. Di.

Anamuwomba mbama mchimwene wakeyo, kenaka ina, mpaka mlomo unang'ambika. Sanaphethire. Kuchipinda kufuula kunali kutatha. Kunangotsala kakulira kowonda kaja, kumapeto kwa mzere uliwonse.

Pathebulo la zipangizo panali hamala. Namwino anaitenga ndi manja awiri n'kuigwetsa pa pulinta. Chivundikiro chinaphwanyika, inki inathovukira kumaso kwake, koma mutu wa makinawo unapitirira kuthamanga uku ndi uku pazitsulo zopindika. Anamenyanso. Riboni inaduka, timasingano tinang'amba pepala, n'kugwira chala cha Injiniya n'kuchisoka mpaka pafupa. Magazi anasakanikirana ndi inki. Iye sanasiyebe. Mlongo wake anamenya, kumenya, akutukwana bambo ake omubala ndi mawu amene anawasunga kuyambira ali kamtsikana, mpaka mutu wa pulinta unathothoka n'kugubuduzikira pansi pa mpando.

Kunati zii.

Aneba aja, amene anali atalumpha mpanda ndi chitsulo m'manja, amati atafika anangokhudza chitseko cha kuchipinda ndi chala chimodzi, chinatseguka. Mkaziyo anali kwala pakati pa bedi ndi wadirobu, magazi akutuluka m'khutu, diso limodzi litatsekeka, nthiti zitathyoka. Zenera linali lotseka, zitsulo zake zili bwinobwino. Anayang'ana pansi pa bedi, anayang'ana m'wadirobu. Munalibe munthu.

Apolisi anamutenga Injiniya, n'kumutulutsa mlongo wake ndi aneba atalumbira kuti nthawi yonseyo anali pabalaza. Mkaziyo anachira, koma khutu lakumanzere silimvanso, ndipo m'nyumba imeneyo sanabwereremo. Sanamunenepo mwamuna wake kuti anamumenya. Chomwe analephera kumukhululukira n'choti anamuitana, iye akumva, osabwera. Ine sindimuweruza mkaziyo, komanso mwamunayo ndimamumvera chisoni. Masiku ano amakonzabe mawayilesi, koma akamayesa wayilesi amaitsitsa mawu mpaka kasitomala amadandaula.

Tsiku limene anayamba kuyankhula bwino kuchipatala, mkaziyo anaitana mlamu wake, amene anali pantchito m'wodi yomweyo.

"Alamu, sindinamuone nkhope. Koma ankayankhula."

Namwino anakhala m'mphepete mwa bedi. "Amati chiyani?"

"Amandinong'oneza kukhutu kuno, uku akundiponda. Mawu a munthu wamkulu, odekha bwinobwino." Anameza malovu. "Amati, usalire mokweza, mwana akujambula mbalame."

Mayi ameneyu apongozi ake aamuna sanawaonepo, ndipo iye ndi Injiniya analibe mwana.