Nyimbo Yachinayi

Anakumana mu situdiyo, kachipinda kopanda zenera, komata masiponji m'makoma monse. Mtsikanayo, woluka tsitsi mu saluni ya achemwali ake, anaitanidwa kudzathira mang'ombe pa nyimbo imodzi yokha. Atavula mahedifoni, anapeza mwini chimbale, mnyamata amene onse ankamutcha Wagitala, akumuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Chemwali, mawu amenewa mumawabisa kuti?"

"M'bafa," anayankha motero, onse n'kuseka.

Nyimbo imodzi ija inasanduka zisanu, ndipo "chemwali" inasanduka "njiwa yanga". Miyezi isanu ndi itatu! Akaweruka ku saluni ankathamangira ku situdiyo manja akununkha mafuta a tsitsi. Mawu a nyimbo yachinayi anawalemba yekha kuseri kwa kalendala, ndipo anaiimba awiri pa maikolofoni imodzi, masaya atatsala pang'ono kugundana.

"Chimbalechi ndi mwana wathu woyamba," Wagitala anamunong'oneza. "Chikangotuluka, ndikutumiza amalume kwanu."

Koma chimbale sichinkatuluka. Mwezi uno ankati ng'oma sizikumveka bwino, mwezi winawo ankati chikuto sichinakongole. Kenako anamuuza kuti asamavutikenso kubwera, mbali yake yatha.

Mtima wa mtsikanayo sunakhale m'malo. Ankaluka mzere umodzi, n'kusuzumira foni. Mzere wina, foni. Tsiku lina anapotoza malukidwe a kasitomala mpaka achemwali ake anamulanda chipeso.

"Iwe, mitu ya anthu si gitala! Mnyamata wakoyo kwawo unakuonako?"

Kwawo? Anali asanapondeko. Koma nanga munthu woimba mokhudza mtima chonchija anganame? Meseji inalowa: "Kuona maso a nkhono n'kudekha, njiwa yanga. Lachisanu dziko lonse likumva."

Lachisanu masana chimbale chinatulukadi. Mtsikanayo anazimitsa choumitsira tsitsi, nakweza foni kuti makasitomala onse amve. Anadumpha nyimbo zitatu. Gitala inayamba, Wagitala anaimba ndime yake, ndipo pamalo pake paja panalowa mawu a mkazi wina.

Mawu ake omwe analemba! Kakokedwe kake komwe, ngakhale popumira pake penipeni!

Anatuluka atavala epuloni, osatsanzika. Mu situdiyo anapeza bambo wojambula nyimbo ali okha, akukulunga mawaya. Atamuona anayang'ana pansi.

"Bambo, akuimba pa nyimbo yanga ndani?"

"Khalani pansi kaye, mwana wanga."

"Sindikhala! Ndani?"

"Ndi akazi a Wagitala. Nthawi imene inu mumajambula, iwo anali oyembekezera, mpweya unkawathera. N'chifukwa chake chimbale chimachedwa, timadikira kuti achire. Mawu anu ndinkawaikira m'mahedifoni kuti azitsatira." Anaika mawaya aja pansi. "Ine Wagitala anandiuza kuti mukudziwa."

Mtsikanayo anakhala pa kampando komwe Wagitala ankakhalapo pokunga gitala. Ndiye kuti miyezi yonseyi iye ankaphunzitsa mkazi wa mwini kuimba nyimbo yachikondi kwa mwamuna wake?

Foni inanjenjemera. "Njiwa yanga, usamvere za anthu. Ndikufotokozera zonse."

Anaiwerenga kawiri, misozi ikudontha pagalasi la foni, kenako anaizimitsa.

"Zimene munajambula zonse zikadali mu kompyuta," bambo aja anatero motsitsa mawu. "Dzulo anandiuza kuti ndizifufute. Dzanja langa linakana."

"Ndiikireni yachinayi. Koma mawu a iyeyo muwachotse."

Bambo aja anadina apa ndi apo. M'chipindamo munamveka mawu a mtsikanayo okhaokha, osalala, odzaza chimwemwe, akulonjeza kuti sadzasiya munthu. Pofika pa ndime ya Wagitala pankangoti zii, mawu aja n'kudikira moleza mtima, kenako n'kuyankha.

Anamvetsera mpaka kumapeto, atagwira pakamwa.

"Kalanga ine," anatero. "Mtsikana ameneyu ankakondadi."