Madola Oitanitsira Mankhwala

Pakhomo pa telala wina panalibe chuma, koma mtendere unalipo. Bambo ankasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde, mayi ankaphunzitsa Sande sukulu. Mwana wawo woyamba atapeza ntchito kubanki, anthu anaiwala dzina lake n'kumangomutchula kuti Wabanki.

Chaka chimenecho mayiko akunja anaika dzikolo pachilango chifukwa cha nkhanza za boma. Anasiya kugula katundu wake, anatsekanso njira zotumizira ndalama, madola n'kusowa. Boma, m'malo mochepetsa kumwaza chuma, linangosindikiza ndalama zina. Buledi wa m'mawa pofika madzulo amakhala atakwera mtengo, ndipo malipiro a mwezi ankatha sabata isanathe.

Bambo anamuitana mwana wawo pafupi ndi makina osokera.

"Mwana wanga, nyumba ikamapsa, wozima moto ndi wakuba amalowera khomo limodzi. Iwe ukhale wonyamula ndowa."

Wabanki anavomera ndi mutu basi.

Madola ochepa amene anatsala kubanki anali oitanitsira mankhwala, ndipo wodinda mapepala ake anali iyeyo. Tsiku lina masana kunabwera Jekete, wosintha ndalama mwachinyengo pamalo okwerera basi, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anamufotokozera kuti dola yomwe banki ikugulitsa motchipa, mumsewu ikupita kasanu mtengo wake. Chofunika chinali chidindo chokha pamapepala a kampani yongopeka.

"Achimwene, mabwana anu akudya ndi manja awiri," anatero Jekete. "Inuyo njalayi mukusungira ndani?"

Wabanki anadinda kamodzi. Posakhalitsa anadindanso kachiwiri. Pasanathe miyezi itatu anali ndi galimoto, mowa wodula ndi anzake osawadziwa mayina. Mankhwala aja sanabwere.

Atabweretsa firiji kunyumba, mayi ake anakana kuti ilowe. Anamuuza kuti akuchokera kumaliro a mtsikana wa m'kalasi mwawo, amene anamwalira chifukwa mankhwala a matenda a shuga anatha m'zipatala zonse. Anamufunsa komwe ndalama zikuchokera. Iye anawakalipira kuti umphawi anauzolowera ngati chovala, n'kumenyetsa chitseko cha galimoto.

Sanali yekha wodinda mapepala abodza. Madola atatheratu, mbiri inawanda yoti bankiyo yagwa. Lolemba m'mawa khamu la anthu linadzaza msewu, aliyense akufuna ndalama zake. Mabwana anali atathawa kale. Alonda atatseka geti, njerwa zinayamba kuuluka. Magalasi anasweka, mlonda mmodzi anamukhadzula mutu ndi chitsulo, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi kenako zipolopolo zenizeni. Anthu anagwetsa geti, akutsogolo n'kupondedwa ndi akumbuyo.

Wabanki anathawira khomo la kuseri, koma Jekete anali pomwepo ndi amuna awiri amene analipiriratu madola a sabata imeneyo. Wabanki atawauza kuti kulibe kanthu, anamugwetsa pakonkire n'kumuponda kumaso mpaka mano anayoyoka. Mmodzi anamugwira dzanja lamanja pampata wa chitseko cha galimoto, mnzakeyo n'kuchimenyetsa katatu. Jekete anangoyang'ana kumbali.

Anatsitsimuka ali kuchipatala, mwendo utamangidwa unyolo kubedi, wapolisi atakhala pambali. Mankhwala opha ululu kunalibe. Dzanja linayamba kuwola, madokotala analidula.

Tsiku lachinayi mayi ake anabwera atavala zakuda. Anamuuza kuti bambo ake anali m'khamu lija, akufuna kutapa ndalama zimene anasunga zaka makumi awiri, ndipo anawapeza pansi pa geti nthiti zitathyoka. Anali atawaika m'manda dzulo lake.

Wabanki analira mpaka mawu anatha, akupempha kuti amukhululukire.

"Ndakukhululukira chifukwa ndinakubala," anatero mayi ake. "Koma khoti likudikira, ndipo amasiye enawo ukawayankha wekha."

Khoti linamulamula kukhala kundende zaka khumi ndi zisanu. Jekete sanaonekenso.

Achinyamata, chilango cha mayiko akunja chimafooketsa dziko, koma amene amaligwetsa ndi ana ake omwe akamaba mkati mwa mavuto. Kuba ndi tchimo ngakhale onse okuzungulirani akuba, ndipo ofera tchimo lanu akhoza kukhala a m'nyumba mwanu momwe.