Kagalimoto Kopendekeka Kumanzere

Cha m'ma 11 usiku, makaniko wina yemwe anzake amamutcha Girisi anaponya sipanala pansi, n'kulankhula mawu oti sindingalembe pano, ine ndinaleredwa bwino. Anakhoma galaja n'kuuyamba wapansi kupita kwawo.

Chomwe chinamutentha mutu chinali kagalimoto ka apongozi ake aamuna. Kampikisano kakalekale, kofiira, kazitseko ziwiri, kumbuyo kuli kampando kopanikiza. M'mawa mwake kamayenera kunyamula mkwatibwi, mlamu wake wa Girisi yemweyo. Koma kumbuyo chakumanzere kanali kopendekeka ngati munthu wothyoka chiuno. Apongozi anali atanena kale pagulu: "Mkamwini, mukalephera apa ndidziwa kuti mwana wanga anakwatiwa ndi wopopa matayala."

Masipuling'i akale anachotsa. Anaika atsopano, olimba bwino. Kutsitsa jeke... kapendekeka. Kusinthanitsa, wakumanja kumuika kumanzere. Kutsitsa jeke... kapendekekanso! Kuyeza ndi tepi, kusiyana komwe kuja. Katatu konse, abale anga.

M'njira monse ankangolongolola yekha. Kufika pamlatho, magetsi a mumsewu onse ozima. Anamva fungo la fodya wa m'kaliwo. Kenako mapazi kumbuyo. Olemera. Di... di... di...

Iye kuima, iwonso kuima.

Kucheuka, palibe. Kuyang'ana kutsogolo... mayo! Pachitsulo cha mlatho patsamira bambo wonenepa zedi, suti yoyera, kaliwo ali pakamwa.

"Mphwanga," anatero bamboyo, "tsiku lonse kundikweza, kunditsitsa, kundikweza, kunditsitsa. Munthu osapuma?"

Bamboyo anakoka utsi n'kupitiriza:

"Masipuling'i alibe mlandu. Pamenepo ndi pamalo panga. Komanso atsopanowa akundipweteka msana."

Kuphethira kamodzi... zii! Utsi wokha ukuyandama. Girisi analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Nsapato yakumanja mpaka lero sinapezeke.

Kutacha, apongozi anafika kugalaja atatchena kale zaukwati. Ataona kagalimoto kali chipendekekere, anakonza kukhosi kuti ayambe kunyoza. Girisi anawadula. Anafotokoza zonse: mlatho, suti yoyera, mimba, kaliwo.

Nkhalamba inakhala pansi patayala lakutha, osalabadiranso buluku.

"Amenewo ndi achimwene anga," anatero motsitsa mawu. "Anatisiya zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, pamlatho pomwepo. Ndinkayendetsa ndine, kagalimoto komweka. Iwo anali kumbuyo, kumanzere."

Girisi anayang'ana manja ake, zikhadabo zothyoka, matuza okhaokha.

"Ndiye bambo, mukuti dzulo lonse ndimakweza munthu wakufa ndi jeke?"

"Ntchito yanu ilibe vuto, mkamwini," apongozi anatero akupukuta m'maso. "Mkwatibwi akhala kumanja. Mpando winawo musaikepo ngakhale maluwa."