Kagetsi Kofiira m'Khola la a Orrin

"Palibe kabolodi ka zamagetsi kamene kangandinamize nthawi ine," anatero a Merle Tungseth. "Kaya kanapangidwa kufakitale, kaya kugehena, ndikakagwira kamaulula."

Ananena izi pa khofi wa titaweruka kutchalitchi, keke ya eni ake ili tho m'kamwa. Ndinalipo. Ndimanama, inde, makamaka za nsomba zimene ndinawedza, koma izi ayi. Mayi Ardith akadali moyo kuno ku North Dakota, kawafunseni.

Malemu amuna awo, a Orrin, anasiya kachipangizo kolumikiza okha m'khola la nkhuku: kukamacha kankatsegula chitseko, dzuwa likamalowa n'kutseka. Chimwalirireni mwini wake, nthawi inabalalika. Chitseko chinkatseguka pamene chafunira, nkhandwe n'kumadya zaulere. Mayiwo potuluka kukatseka ndi manja anaterereka pamadzi oundana, ndipo mwana wawo wamkazi anagamula: akagwanso basi, kunyumba ya okalamba.

Ine ndi a Merle tinapita masana kukakonza kachipangizoko, ine wonyamula bokosi la zida.

"Kowerengera kadzaza," anatero a Merle asanavule n'komwe magolovesi. "Manambala akafika pothera amabwerera pa ziro."

"Ngati mutu wanu, mdala?"

"Gwira tochi, Vern, kamwa itseke."

Analembanso pulogalamu yonse pakompyuta yawo. Chitseko chinangoti phaa, kutseguka. Anasintha kamwala kogunda nthawi, m'khola n'kudzaza fungo la mtovu wosungunula. Chitseko chinatseka, chinatsegukanso. Nkhuku zinaunjikana pakona, zii.

Anthu okonda kulumikiza zamagetsi ali ndi chizolowezi choika kagetsi kophethira, kuti aziona ngati bolodi ikugwira ntchito. Ka a Orrin kanali kofiira. Kankaphethira katatu, kuima, kenako kuthamanga ngati kathamangitsidwa.

"Musavutike nako," anatero Mayi Ardith chapansipansi, ataima pakhomo. "Ndi mtima wa Orrin umenewo. Ndagonera pachifuwa chimenecho moyo wanga wonse. Kumapeto unkagunda choncho."

"Mayi, ndi mawaya chabe awa," anatero a Merle.

Anafufuta zonse za m'bolodimo. Kankaphethirabe. Anazula magetsi pakhoma. Kankaphethirabe. Anatulutsa batire n'kundipatsa ine m'manja.

Kankaphethirabe.

Fungo la mtovu linatha. Kunabwera la fodya wa m'kaliwo. Tonse atatu sitisuta. A Orrin ankasuta.

"A Merle, tiyeni tizipita," ndinanong'ona.

Koma akanathawa bwanji, mayi wamasiye akuwayang'ana, tchalitchi chonse chitamva kudzitama kuja? Anamasula bolodiyo pakhoma n'kuifumbata.

Kagetsi kanazima.

"Waona, mbuli iwe?" anatero.

Kanayakanso. Ulendo uno bwinobwino, mosadukiza. Panja dzuwa linali likulowa, ndipo chitseko chinatsika chokha, go, pa nthawi yake yeniyeni, popanda waya ngakhale mmodzi.

"Mwakonza," anatero Mayi Ardith, osamwetulira. "Sindisamukanso. Kankasunga nthawi chonchi kale, Orrin asanayambe kudwala."

A Merle anayang'anitsitsa kagetsiko. Pang'onopang'ono anakweza zala ziwiri n'kuziika pakhosi pawo. Milomo inkawerenga. Ndinaona mtsempha ukudumpha pansi pa zalazo, kagetsi nako, limodzi, limodzi.

Anaiponya bolodiyo pa udzu. Kagetsi sikanasinthe.

Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Kanafulumira.

"Vern," anandiitana, "maso ako ndi abwino iwe. Kakuyenda bwino, eti?"

"Ngati wotchi ya kutchalitchi, mdala," ndinatero.

Kanaphethira katatu.

Kanaima.