Mano Atsopano a Abiti Sidiki

Dzuwa likulowa, Rukiya ankaanula matewera pachingwe pomwe anamva mwana wake akulira m'nyumba. Sikunali kulira kwa khanda ayi, kunali ngati tambala wotsamwa. Atalowa anapeza Fauziya, wa masiku asanu okha, tizala titapindikira mkati, milomo ikunjenjemera, thupi lonse likugwedezeka.

Pamudzi paja, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, makanda awiri anali atamwalira kale chimodzimodzi chaka chomwecho. Anthu ankanong'ona za ufiti, koma osatchula dzina. Makanda onsewo, ndi Fauziya yemwe, ankawasambitsa ndi Abiti Sidiki, azakhali a bambo ake a Fauziya, poti mwana asanagwe mchombo m'chikuta simulowa munthu wamba. Azakhaliwo analibe dzino ndi limodzi lomwe, ndipo mkamwa mwawo munkanunkha matemba ovunda. Akamaliza kusambitsa khanda, ankalowetsa tizala take mkamwamo n'kumayamwa, dovu likuyenderera pachibwano. Ati chikondi. Chikondi chanji chonyansa chotero?

Kuchipatala namwino anati m'magazi a mwanayo mwachepa kashiamu, mchere womanga mafupa ndi mano.

"Munamumwetsa mkaka wa ng'ombe?"

"Iyayi, bere lokha."

Anamupatsa mankhwala mumtsempha, tizala tija n'kutambasuka. Koma atabwerera kumudzi, Abiti Sidiki anafikanso ndi beseni lawo, pakamwa atakulungapo mpango, ati chimfine. Patangopita masiku atatu okha, kulira kwa tambala kuja kunayambiranso.

Madzulo a tsiku lachinayi, Rukiya pochokera kumjigo anaona chitsononkho cha chimanga chowotcha pamkeka wa azakhaliwo, chokukutidwa bwinobwino.

"Wadya chimangachi ndani, azakhali?"

"Mbewa."

"Mbewa, pamkeka wanu?"

Fauziya anali pamiyendo pawo, kadzanja kake katalowa kunsi kwa mpango, ndipo kunkamveka kuyamwa. Rukiya anakoka mpango uja.

Pankhama zakuda za m'munsi panali timano ta mwana, toyera mbee, tisanu ndi kamodzi, titandandalika bwino. Kachisanu ndi chiwiri kanali kakuboola kumene, magazi akusakanikirana ndi dovu. Rukiya anatsomphola mwana wake, kadzanja kali noninoni, ndipo anasanza pamkeka pomwepo. Kenako anathamangira kumsewu, Fauziya akuuma pachifuwa pake.

Abiti Sidiki sanadzuke n'komwe. Ananyambita milomo, n'kuitana mwaulemu ndithu.

"Bwera naye, mwanangu. Akumwambawa sanamere."