Tsitsi la m'Khoma

Ndapile anayamba kuliona tsitsilo pa juzi ya mwamuna wake Fryson. Linali lalitali, lofiirira, losachokera pamutu pa Mmalawi.

Awiriwo anali atagula nyumba yakale ku Maryhill, kutsidya kwa nyanja, ya makoma okutidwa ndi matabwa akuda ndi makabati omangidwira kukhoma. Fryson ankagumula pulasitala wakale kuti alowetse mawaya ndi mapaipi otenthetsera, ndipo matabwawo ankawasisita ngati msana wa munthu. Ndapile, pokhala namwino wa usiku, ankamusiya yekha. Kate wa nyumba yoyandikana ankabweretsa tiyi pafupipafupi, ndipo tsitsi lake linali lofiirira. Nsanje inamudya Ndapile mpaka kuonda.

"Abambo, tsitsi ili n'landani?" anafunsa tsiku lina.

Fryson anangoseka, n'kuitana McDonald, mmisiri womuthandiza. Mkuluyo anafotokoza kuti amisiri akale ankasakaniza ubweya wa hatchi m'pulasitala kuti asang'ambike. Ndapile anagwidwa ndi manyazi.

Pulasitala wakale atatha kuchotsedwa, tsitsi lija linayamba kupezeka papilo. Kenako mikanda ya m'chiuno ya Ndapile, imene ankaivula popita kuntchito, inasowa. Woba mikanda ya mkazi mnzake ndiye kuti wafika kuchipinda. Ndapile analumbira kuti banja lake salipereka chogona.

Usiku wotsatira anatsanzika ngati akupita kuntchito, n'kubwerera mwakachetechete, n'kukhala mumdima pamasitepe. Mvula inkawaza pazenera. Fryson ankaliza mkonono yekhayekha. Ndiyeno kunamveka kaphokoso ka mikanda ikukhulana, pang'onopang'ono, monga imachitira m'chiuno mwa munthu woyenda monyang'wa. Kanadutsa pambali pake penipeni, mkati mwa khoma, n'kukathera kuseri kwa kabati ya kuchipinda, imene Fryson ankakana kuichotsa.

Kutacha Ndapile anaumirira kuti kabatiyo aizule. Misomali yake inali ya dzimbiri, yosakhudzidwapo chimangire nyumbayo. Kuseri kwake kunali mikanda ija, itakulungidwa ndi tsitsi, ikadali yofunda.

"Ubweya wa hatchi ankaudula waufupi," ananong'ona McDonald. "Ili ndi lamunthu. Koma Kate musamuganizire, mayi. Anapita kwa mwana wake ku Govan mwezi watha."

Fryson anasisita thabwa la kabatiyo mofatsa, monga ankamusisitira Ndapile kale.

"Tiibwezeretse," anatero chapansipansi. "Sakonda kuonedwa."

"Ndani, abambo?"

Fryson anali akusakasaka kale hamala.