Keke ya Maula

M'mawa Keziya anapatsa atate ake chitini. Madzulo atate anabwera nacho. Chitinicho chinali cholemera. Kodi munali chiyani? Taganizani. Koma musafulumire kuyankha. Yambani mwamva nkhani yake.

Keziya anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Chifubu, mumzinda wa Ndola. Ankakhala ndi amayi ndi atate. Panalinso mng'ono wake, Maud. Maud anali khanda la masabata awiri.

Atate ake anali a Laston. Ankagwira ntchito pa sitima. Sitimayo inkanyamula mkuwa kuchokera ku Kitwe. Atate ankathira malasha pamoto wa sitima. Fosholo m'malasha, malasha pamoto. Fosholo m'malasha, malasha pamoto. Tsiku lonse.

Atate anali ndi chitini cha chakudya. Chinali chitini chobiriwira. Chinali ndi chivindikiro cholimba.

Chaka chimenecho dziko linali kulandira ufulu. Linali kulandiranso dzina latsopano, Zambia. Tsiku lake linali Loweruka. Anthu anasesa misewu. Ana anaphunzira nyimbo. Amayi a m'Chifubu anakonzekera phwando lalikulu.

Lachitatu madzulo atate anati, "Loweruka ine ndili pa ntchito."

"Pa tsiku la ufulu, atate?" anafunsa Keziya.

"Inde, mama. Mkuwa uja tsopano ndi wathu. Ndiusiye pansi?"

"Nanga mudzadya chiyani?"

"Mbatata yanga ya masiku onse," anatero atate, akuseka.

Keziya sanaseke. Anthu onse adzadya mpunga. Anthu onse adzadya nyama. Atate okha adzadya mbatata yozizira.

"Ayi," anatero Keziya mumtima. "Atate nawonso alawe phwando."

Amayi anali ndi pepala lina. Analilandira ku kalasi ya amayi, kuholo. Papepalapo panali chithunzi cha keke. Pamwamba pa keke panali zipatso zofiira.

"Amayi, izi n'chiyani?" anafunsa Keziya.

"Ndi mapulamu. Amabwera m'zitini, kuchokera kutali."

"Tiphikire atate keke ya mapulamu!"

Amayi anapukusa mutu. "Thupi langa likadali lofooka, mwanangu. Sindingawerame pa mbaula."

"Ndiwerama ndine. Inu muzingondiuza."

Amayi anamuyang'ana. Anamuyang'ananso. Kenaka anati, "Chabwino. Ufa wa tirigu ulipo. Shuga alipo. Mazira awiri alipo. Mapulamu okha ndiwo palibe."

Lachinayi Keziya anaweruka kusukulu. Anathamangira kusitolo.

"Odi, bambo! Ndikufuna mapulamu."

"Atha, mwana," anatero mwini sitolo.

Keziya anapita kusitolo ina.

"Odi, bambo! Ndikufuna mapulamu."

"Atha dzana. Aliyense akuphika za phwando."

Keziya anabwerera pang'onopang'ono. Anakhala pakhomo. Anagwira tsaya.

Nyumba yoyandikana inali ya mayi wina, Bana Jairus. Iwo anali Abemba. Mwana wawo Gwen anali mnzake wa Keziya. Bana Jairus anasuzumira pampanda.

"Iwe Keziya, nkhope yagwa bwanji?"

"Mapulamu atha, mayo," anatero Keziya. "Mayo" ndi "amayi" m'chinenero cha Abemba.

"Mapulamu? Nanga mpundu zatha nazo?"

"Mpundu n'chiyani?"

Amayi anayankha ali m'nyumba. "Ndi maula! Kwathu ku Katete timati maula. Ndi mapulamu athu a m'tchire."

"Mtengo wake uli kuseri kwa bwalo la mpira," anatero Bana Jairus. "Ndi wautali. Sungausowe."

Keziya anadzuka. Anatenga dengu. Anaitana Gwen. Awiriwo anathamanga.

Mtengo unalidi wautali. Zipatso zinali m'mwamba, zambirimbiri. Zina zinali pansi, m'fumbi.

"Zapansizi n'zakuda," anatero Keziya. "Atate sangadye zapansi."

Keziya anabadwira m'tauni. Gwen anabadwiranso m'tauni. Awiriwo sanafunse munthu. Anatenga ndodo. Anagenda m'mwamba. Maula anagwa, pu, pu, pu! Anagendanso. Dengu linadzaza.

Keziya anafika kunyumba akuvina.

"Amayi, onani! Oyera okhaokha. Ochokera m'mwamba!"

"M'mwamba?" anafunsa amayi. "Talawa chimodzi."

Keziya analuma chipatso chimodzi. Chinali cholimba. Chinali chowawa. Lilime lake linauma gwa. Nkhope yake inakwinyika.

Amayi anaseka mpaka Maud anadzuka.

"Ana a m'tauni inu! Maula sitigenda. Timadikira agwe okha. Akagwa okha, ndiye kuti apsa."

"Ndiye apansi aja?"

"Apansi aja ndiwo okoma."

Keziya anayang'ana dengu lake. Dengu lonse linali la maula osapsa. Dzuwa linali litapendeka. Panatsala tsiku limodzi lokha.

"Usalire," anatero amayi. "Mawa liliko."

Lachisanu ana anaweruka msanga. Keziya anatenganso dengu. Anapita yekha kumtengo uja. Koma pansi panalibe kanthu. Mbuzi zinali zitadya onse. Panatsala njere zokhazokha.

Keziya anaima. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Patsogolo anaona mtengo wina, pambali pa chulu. Anapita komweko.

Pachulupo panali udzu wouma. Keziya anagwada. Anapatula udzu ndi manja. Anapeza chipatso chimodzi. Chinali chachikasu. Chinali chofewa. Chinkanunkhira bwino.

Anapatulanso udzu. Anapeza china. Anapatulanso. Anapeza zina zitatu. Nyerere zinamuluma m'mawondo. Iye sanasiye. Dengu linafika pakati.

"Awa ndiwo maula," anatero amayi, atanunkhiza. "Tsopano samba m'manja."

Amayi anakhala pamphasa, Maud ali pamiyendo. Keziya anaima pa mbaula.

"Tsuka maula," anatero amayi. Keziya anatsuka.

"Thira madzi pang'ono. Finya ndi manja." Keziya anafinya. Anafinya, anafinya. Madzi anasanduka achikasu.

"Chotsa njere. Sefa pa kansalu koyera." Keziya anasefa.

"Tsopano wiritsa. Uzitakasa, asapserere."

Keziya anatakasa. Dzanja linatopa. Anasintha dzanja. Madzi aja analimba ngati uchi.

Kenaka anasakaniza ufa ndi shuga. Anaswa dzira loyamba. Anaswa dzira lachiwiri. Anathira majarini. Anathira soda pang'ono. Pomaliza anathira uchi wa maula uja.

Kunyumbako kunalibe uvuni. Kunali poto wamkulu wakuda.

"Paka mafuta m'poto," anatero amayi. "Thira zonse. Vindikira. Makala ochepa pansi, makala ambiri pamwamba."

Keziya anapana makala ndi timitengo tiwiri. Anawaika pa chivindikiro, limodzi limodzi.

"Ndivundukule, amayi?"

"Ayi. Dikira."

Keziya anadikira.

"Ndivundukule tsopano?"

"Ayi, iwe! Ukavundukula igwa. Khala pansi."

Keziya anakhala pansi. Anaimirira. Anakhalanso pansi. Fungo linatuluka m'poto. Linadutsa mpanda. Gwen anabwera akununkhiza.

"Tsopano vundukula," anatero amayi.

Keziya anavundukula. Keke inali itafufuma. Koma sinali ngati ya pachithunzi. Sinali yofiira. Inali yofiirira ngati dothi. Mbali imodzi inali yopendekeka.

Gwen anaseka. "Iyi ndi keke kapena chulu?"

"Ndi keke!" anatero Keziya.

"Keke ya m'tchire! Anzawo a atate ako adzaseka."

"Gwen, bwera kuno!" anakuwa Bana Jairus. "Iwe unaphikapo chiyani? Ngakhale madzi umapsereza!"

Gwen anathawa. Koma mawu ake anatsala. Keziya anayang'ana keke. Anayang'ana chithunzi.

"Amayi, tilaweko?"

"Ndi ya atate ako. Oyamba kulawa ndi iwowo."

Keke itazizira, Keziya anaidula. Panatuluka zidutswa zisanu ndi chimodzi. Anaziika m'chitini chobiriwira. Anatseka chivindikiro.

Loweruka linafika. Atate anavala ovolosi yawo. Nthawi inali sikisi koloko m'mawa. Keziya anagwada. Anapereka chitini ndi manja awiri.

"Musatsegule panjira, atate."

"Muli njoka?"

"Ayi! Mukatsegule nthawi ya chakudya."

"Chabwino, bwana," anatero atate. Ananyamula chitini n'kumapita.

Tsikulo kunali chisangalalo. Mbendera yatsopano inali pamwamba. Ng'oma zinalira. Ana a sukulu anaimba. Keziya anaimba nawo. Anthu anadya mpunga ndi nyama.

Kutali sitima inalira, "Piii!"

Keziya anasiya kudya. Kodi atate atsegula? Kodi alawa? Kodi anzawo akuseka?

Dzuwa lisanalowe, Keziya anakaima pamsewu. Anadikira. Anadikira. Kenaka anawaona atate. Nkhope yawo inali yakuda ndi malasha.

"Atate! Atate!"

Keziya anathamanga. Analandira chitini. Mtima wake unagwa. Chitini chinali cholemera. Chinali cholemera kuposa m'mawa.

Keziya anayenda pambuyo pa atate. Analowa m'nyumba. Anaika chitini patebulo. Misozi inalengeza m'maso.

"Mwana wanga watani?" anafunsa atate.

"Simunadye," anatero Keziya. "Inali yoipa. Gwen ananena."

Atate anakhala pampando. Anamukokera pafupi.

"Tamvera, mama. Masana sitima inaima m'tchire. Tinkadikira sitima ina idutse. Ine ndinatsegula chitini. Fungo linatuluka. A dalaivala anatembenuka. Anati, 'Laston, n'chiyani chimenecho?'"

"Anaseka?"

"Ayi. Anatambasula dzanja. Ndinawapatsa chidutswa. A gadi, oyang'anira sitima, ananunkhiza ali kumbuyo kwenikweni kwa sitimayo. Anabwera akuthamanga. Chipewa chinagwa panjira!"

Amayi anaseka. Keziya anapukuta diso limodzi.

"Panalinso amuna awiri okonza njanji," anatero atate. "Nawonso analandira. Tinakhala pansi tonse. Tinadya phwando lathu pomwepo."

"Nanga inu, atate? Munadya?"

"Ndinadya ziwiri. Chachiwiri ndinachita kubisa m'thumba."

"Inakoma?"

"Inandikumbutsa kwathu. Ndinali ndisanalawe maula chichokereni ku Katete. A dalaivala anafunsa kuti, 'Wagula sitolo iti?' Ine ndinaimirira. Ndinati, 'Sitolo yake ili kunyumba kwanga. Ili mu Sitandade 2. Dzina lake ndi Keziya.'"

Keziya anabisa nkhope m'manja. Koma ankamwetulira.

"Mwamva, Bana Jairus?" anakuwa amayi pawindo. "Keke ya m'tchire yatha yonse!"

"Tamva, mukwai!" anayankha Bana Jairus mwa ulemu wa kwawo. "Gwen wamvanso. Ali pano, makutu ali tcheru."

Keziya anayang'ananso chitini.

"Nanga chikulemera bwanji, atate?"

"A gadi ananena kuti chitini cha mwana sichibwerera chopanda kanthu. Anatsika m'tchire muja. Okonza njanji anawatsatira. A dalaivala nawonso anatsika. Amuna akuluakulu, onse chogwada mu udzu!"

"Ankafuna chiyani?"

"Akupempha keke ina Loweruka likubwerali. Tsegula uone."

Amayi anasendera pafupi, Maud ali m'manja. Gwen anasuzumira pakhomo. Keziya anagwira chivindikiro. Anakoka. Chivindikiro chinatseguka.

Munali maula, odzaza mpaka pakamwa. Onse anali akupsa. Onse anali otola pansi.